Wogula ndi Wina, Wogwiritsa Ntchito ndi Wina

Pulogalamu ya pafoni ikakutopetsani mumaichotsa n'kuikapo ina, basi nkhani yatha. Ya kuntchito simungaichotse. Kalaliki wa malipiro, wosunga katundu wa kampani, namwino wolemba odwala, wa pakauntala ya banki, onsewa amaipeza ili kale pakompyuta tsiku loyamba ntchito, ndipo amakhala nayo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, chaka ndi chaka. Sanaisankhe iwo. Anaisankha ndi akuluakulu amene anaiona m'chipinda cha misonkhano wogulitsa akuionetsa pakhoma, anafunsa mtengo, anafunsa ngati imatulutsa malipoti, n'kusaina. Akuluakuluwo sadzalowetsamo invoisi ngakhale imodzi. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa mapulogalamu a m'makampani womva m'mimba alibe kiyi wa chitsekocho.

Ine ndimatsogolera kagulu ka anthu okonza kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu otere: munthu aone chiyani poyamba, batani ili likhale pati, pulogalamu imuuze chiyani akalakwitsa. Pantchito timangoti UX, ndipo anthu ake ndi madizaina. Ambiri amayesa kuti timasankha mitundu ndi kukongoletsa masikirini. Zimenezo zilipo, koma mbali yaikulu ya ntchito yanga imachitikira kutali ndi zojambula, m'misonkhano momwe mumagamulidwa kuti chovuta cha ntchito chigwere ndani. Munthu amene chidzamugwereyo sakhalamo m'misonkhanoyo. Ndimalowamo kuti pakhale womuyankhulira, ndipo ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi chokha chimene mtsogoleri wa madizaina amalandirira malipiro, ndi chimenechi.

Kawirikawiri kuzunzika kwa wogwiritsa ntchito sikuoneka m'mabuku a kampani, chifukwa wolembedwa ntchito amapirira. Kumene anthu ali ndi ufulu wochoka ndi kumene mtengo wake umaonekera poyera. Mu 2013 kampani ya Avon inayamba kuyesa ku Canada pulogalamu yatsopano yoitanitsira katundu. Amene amagulitsa zodzoladzola za Avon si olembedwa ntchito, ndi anthu odziimira okha, ambiri mwa iwo amayi ogulitsa kwa anansi ndi anzawo. Pulogalamuyo itawavuta, ambiri anangosiya kugulitsa. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti siipititsanso pulogalamuyo kumayiko ena, ndipo inawerenga ndalama zoposa madola 100 miliyoni ngati zotayika. Kalaliki wa muofesi amamva zomwezo zimene amayi aja anamva. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ali ndi lendi ndi fizi yoti alipire, ndiye amabweranso mawa.

Nkhani imene ndimafotokozera dizaina aliyense wolowa kumene m'gulu lathu ndi ya Citibank. Pa 11 Ogasiti 2020 bankiyi inkafuna kutumiza chiwongoladzanja cha madola 7.8 miliyoni kwa amene anakongoza ndalama kampani ya Revlon. M'malo mwake inatumiza madola pafupifupi 900 miliyoni, ngongole yonse, kuchokera m'thumba la banki yomweyo. Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito, Flexcube, inalibe njira yachidule yochitira malipiro a mtundu umenewo. Wogwira ntchito ankayenera kuchita ngati akubweza ngongole yonse, kenako n'kulozetsa ndalama za ngongoleyo ku akaunti ya m'kati mwa banki kuti zisatuluke. Kuti zimenezi zitheke panali malo atatu ofunika kuchonga ndi kudzaza, olembedwa kuti principal, front ndi fund. Iye anadzaza pa principal pokha, ndipo munthu aliyense woganiza bwino akanachita chimodzimodzi, chifukwa mawu amenewo ndi amene amatanthauza ngongole yeniyeniyo.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti bankiyo inali ndi lamulo loti anthu atatu aone malipiro asanatuluke: wolowetsa, woonanso, ndi wovomereza. Onse atatu anaona, onse atatu anakhutira. Palibe anagona pantchito, palibe anaba. Anali maso asanu ndi limodzi oyang'ana sikirini imodzi imene sinkanena zoona zonse. Chenjezo linatuluka loti ndalama zituluka m'banki, koma silinanene kuti zingati. Likanangolemba nambalayo ndi maziro ake onse, mmodzi mwa atatuwo akanaimika dzanja. Ena mwa olandirawo anabweza, ena anakana kubweza madola pafupifupi 500 miliyoni. Mu Febuluwale 2021 woweruza Jesse Furman ku New York anagamula kuti asunge ndalamazo, ndipo zinatengera khoti la apilo mu Seputembala 2022 kuti chigamulocho chisinthidwe. Don Norman, m'buku lake la mu 1988 lonena za kapangidwe ka zinthu zimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, anatsutsa chizolowezi choloza chala munthu pamene cholakwika chili m'kapangidwe ka chipangizo. Patapita zaka zoposa 30 mabungwe akadayambabe ndi funso loti analakwitsa ndani, ndipo yankho lawo limakhala kuwonjezera wosaina wachinayi.

Sindikhulupirira kuti amene anapanga sikirini ija anali opusa. Ndikudziwa momwe masikirini otere amabadwira. Kasitomala wamkulu amapempha chinthu chimene pulogalamu sinamangidwire, nthawi ndi yochepa, injiniya amapeza njira yozembera, wina amalemba malangizo m'buku la maphunziro, ndipo onse amagwirizana kuti adzakonza bwino mtsogolo. Larry Tesler, amene anagwira ntchito ku Xerox PARC ndi ku Apple, ankaphunzitsa kuti ntchito iliyonse ili ndi kuvuta kwake kumene sikungathetsedwe, kumangosamutsidwa: akapanda kukusenza wopanga pulogalamu, akusenza wogwiritsa ntchito. Tsiku limene gulu lanena kuti "tidzangowaphunzitsa", lasamutsa kuvutako kuchoka kwa mainjiniya ochepa, amene akanalimbana nako masabata angapo, kupita kwa makalaliki mazana amene adzalimbana nako tsiku lililonse mpaka kupuma pantchito. Mawu amenewo ndikawamva pamsonkhano ndimaimitsa zokambirana. Nthawi zina ndimagonja, chifukwa bajeti ndi tsiku lolonjezedwa kwa kasitomala n'zenizeni, ndipo woyang'anira mainjiniya amene akunditsutsa sakunama. Koma ndimaumirira kuti tinene poyera chimene tasankha, ndi amene tamusenzetsa, ndi mwezi umene tidzabwererenso pamenepo.

Tsono pali msampha wina umene umagwira madizaina achinyamata, makamaka aluso kwambiri. Anakulira pa mapulogalamu a pafoni, ndiye akaona sikirini yodzaza manambala ndi timabokosi mtima umawawawa, amafuna kusesa zonse kuti patsale mabatani awiri ndi malo oyera. Mmodzi wa anyamata athu anakonza motero sikirini ya malipiro a antchito, yokongola ndithu, ndipo tinapita nayo kwa mayi wina amene wagwira ntchito ya malipiro nthawi yaitali kuposa zaka za mnyamatayo. Mayiwo anaiyang'ana mwaulemu, n'kunena kuti ili bwino. Tinawapempha kuti ayese kulowetsamo maovataimu a mwezi umenewo. Anayamba, dzanja likuchoka pa kiyibodi kupita pa mausi, kubwerera, kupitanso. Atafika pa munthu wachitatu anaima.

"Mwanangu," anatero, "ine sindiyang'ana sikirini polemba. Maso anga amakhala papepala. Apa mukufuna ndizidzutsa mutu pa dzina lililonse?"

Mnyamatayo anafunsa, "Nanga amayi, timabokosi tonse tija mumatigwiritsadi ntchito?"

"Ayi, tina sindinatigwirepo. Koma ngongole ya munthu ndi msonkho wake ndiyenera kuziona pamodzi, apo ayi ndimudula kawiri."

Zala zawo zinkadziwa kuti batani la Tab lidinidwe kangati kuchoka pa nambala ya wantchito kufika pa maola. Pafupi ndi kompyuta panali kope lachikuto cholimba, lolembamo zinthu zimene pulogalamu yakale sinkakumbuka, ndipo pakompyutapo panali fayilo ya Excel imene ankawerengeramo kaye asanalowetse chilichonse. Kope limenelo ndi fayilo imeneyo zinatiuza zambiri kuposa mndandanda wonse wa zofunika umene bwana wawo anatitumizira. Pobwerera m'galimoto mnyamatayo anali chete, kenako anati, "Akulu, ndiye kuti ndiyambirenso." Ndinamuuza kuti ayambirenso, koma kuti chifundo chimene chinamupangitsa kusesa sikiriniyo asachitaye, angochilozetsa kwa munthu amene wamuona ndi maso.

Zimenezi sizachilendo. SAP, kampani ya ku Germany imene inayambitsidwa mu 1972 ndi anthu asanu ochokera ku IBM, ili ndi mapulogalamu amene makampani aakulu ambiri padziko amayendetsera ndalama ndi katundu. Anthu akhala akudandaula za kuvuta kwa masikirini ake, ndipo mu 2013 inatulutsa maonekedwe atsopano otchedwa Fiori. Komabe mukapita muofesi ya zogula mudzapeza wozolowera akulemba ME21N kuti atsegule oda yogulira katundu, kapena VA01 kuti alembe oda ya kasitomala, osafufuza m'mamenyu. Kwa mlendo zilembo zimenezo ndi chinsinsi, kwa iye ndi liwiro. Pulogalamu ya kuntchito iyenera kulandira munthu wa sabata yoyamba popanda kumanga manja munthu wa zaka makumi awiri, ndipo zofuna za awiriwa zimakokana. Palibe lamulo limene lingakuuzeni pasadakhale kuti mupendekere kuti. Muyenera kukawaona.

Kukawaonako ndiye nkhondo imene ndimamenya kwambiri. A zamalonda amaopa kuti tikakhumudwitsa kasitomala pomufunsa zovuta zake. Bwana wa kwa kasitomala amati mufunse ine, ndikudziwa zonse zimene anyamata anga amachita, ndipo amanena moona mtima, koma chimene akudziwa ndi momwe ntchito iyenera kuyendera, osati momwe imayendera pa 28 mwezi ukutha, netiweki ikudukaduka, dalaivala ali pakhomo kudikira pepala. A zachuma amaona ndalama ya thiransipoti ndi malo ogona ngati yoyamba kudula. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumavumbula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito ka chinthu, ndipo kuti n'kwabwino kuyesa pang'onopang'ono kangapo kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi khamu. Anthu asanu si ndalama zambiri. IBM, itayamba kulemba madizaina ochuluka motsogozedwa ndi Phil Gilbert kuchokera mu 2012, inaika m'ndondomeko yake anthu amene imawatcha sponsor users, ogwiritsa ntchito enieni amene amayenda ndi gulu kuyambira poyamba mpaka chinthu chitatuluka. Ine ndimapitirira pamenepo: ndimatenganso injiniya. Injiniya amene waona ndi maso ake munthu akuvutika ndi chinthu chimene iye analemba safunikanso kumunyengerera, amabwerera kuofesi atayamba kale kuganiza zokonza.

Pali chinanso chimene sichingakonzedwe pa sikirini ngakhale chimaonekera pa sikirini. Mu 1968 Melvin Conway analemba kuti bungwe likapanga chinthu, kapangidwe ka chinthucho kamatsatira momwe anthu a m'bungwemo amayankhulirana. Mukaona pulogalamu imene gawo lina limati "kasitomala", lina "akaunti", lina "wogula" ponena munthu mmodzi yemweyo, kapena imene tsiku limalembedwa mwanjira zitatu, dziwani kuti kuseri kuli magulu atatu amene ali ndi mabwana atatu. Wogwiritsa ntchito amayenda m'malire a maofesi athu osadziwa. Ntchito yake ndi imodzi, kuchokera pa oda kufika pa lisiti, koma ife taigawa malinga ndi amene amayankha kwa ndani. Makampani aakulu amayesa kuthana ndi zimenezi pokhala ndi nkhokwe imodzi ya mabatani, matebulo ndi malamulo ake, monga Carbon ya IBM kapena Lightning ya Salesforce, ndipo ife tili ndi yathu yaing'ono. Imathandiza kuti zinthu zifanane maonekedwe. Koma kuti magulu awiri agwirizane tanthauzo la mawu amodzi pamafunika munthu wopita kukakhala pansi ndi atsogoleri awiriwo, kumva chimene aliyense akuopa kutaya, n'kubwereranso sabata yotsatira. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito ya OS/360 ku IBM, ananena m'buku lake la mu 1975 kuti chofunika koposa pa kapangidwe ka pulogalamu n'chakuti ioneke kuti yachokera m'ganizo limodzi. Kusunga ganizo limodzilo pakati pa anthu ambiri ndi ntchito ya miyendo ndi makutu, ndipo imadya masiku anga ambiri.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti chilichonse chochedwetsa munthu n'choipa. Ife a ku Malawi tinaona mu 2013, pa Cashgate, ndalama za boma zikutuluka kudzera m'pulogalamu ya IFMIS, zolembedwa za malipiro ena n'kumafufutidwa. Pulogalamu yogwira ndalama za anthu iyenera kukhala ndi malo amene imakana, imafuna munthu wachiwiri, imasunga dzina la aliyense wokhudza chinthu. Dizaina amene amachotsa zipata zimenezo pofuna kusangalatsa wogwiritsa ntchito sanamvetse ntchito yake. Luso lili posiyanitsa chipata choteteza ndi chipata chongotopetsa. Pulogalamu ikamafunsa "mukutsimikiza?" pa kanthu kalikonse, chala chimazolowera kuvomera chisanawerenge, ndipo tsiku limene funsolo lili ndi tanthauzo chimavomeranso. Machenjezo akhale ochepa, ndipo lililonse linene nambala, dzina, ndi chimene sichingabwezedwe.

Chitsanzo chimene chimandilimbitsa mtima n'chakwathu konkuno. Mu 2001, pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timati Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anayamba ntchito imene inadzakhala Baobab Health. Anaika makompyuta ongogwira ndi chala pa sikirini, opanda kiyibodi ndi mausi, zaka zingapo iPhone isanatuluke mu 2007. Sikirini iliyonse inkafunsa funso limodzi, mabatani anali aakulu, ndipo makina ankasindikiza kapepala ka barcode komata pabuku la kuchipatala la wodwala kuti akabweranso asalembedwe kachiwiri. Anaganiziranso za magetsi, n'kuika mabatire oti makinawo azigwirabe ntchito magetsi akazima. Pambuyo pake njira imeneyi inafika m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Funso limodzi pa sikirini ndi chinthu chomwecho chimene mayi a malipiro aja anakana. Onse awiri ali olondola. Wogwira ntchito m'chipatala anali ndi mzere wa odwala kutsogolo kwake, mwina asanagwirepo kompyuta, ndipo ankafunika njira yosasocheretsa. Mayi aja anali ndi mulu wa mapepala ndi zala zophunzira. Amene anakonza za Baobab anapeza yankho lawo chifukwa anaima m'chipatalamo n'kuona. Kumene zimenezi sizichitika, zotsatira zake zimadziwika: kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2016 m'magazini ya Annals of Internal Medicine anapeza kuti madokotala amene anawatsatira ku America ankathera pafupifupi maola awiri pakompyuta ndi pa zolembalemba pa ola lililonse limene ankakhala maso ndi maso ndi odwala.

Za anthu anga ndinene pang'ono. Ntchito imeneyi ilibe ulemerero woonekera. Mnzawo amene amakonza pulogalamu ya nyimbo amaonetsa abale ake pafoni, pamene iwo atha miyezi akukonza sikirini yobwezera katundu wowonongeka, imene sangaionetse kwa wina aliyense chifukwa ndi chinsinsi cha kasitomala. Asanajambule kanthu ayenera kuphunzira VAT, PAYE, kusiyana kwa oda ndi invoisi, chifukwa chake akauntanti safufuta cholakwika koma amalemba china chochibweza. Ndimasankha anthu amene zinthu zimenezi zimawachititsa chidwi, amene safulumira kuyankha, amene angathe kukhala pambali pa kalaliki m'mawa wonse osagwira mausi yake. Ndimawateteza ku pempho lofika Lachisanu madzulo loti "mungoikongoletsa" chinthu chimene chagamulidwa kale popanda iwo. Ndipo tikachepetsa ntchito ya kumapeto kwa mwezi kuti anthu a ofesi ina aziweruka dzuwa lisanalowe, ndimaonetsetsa kuti amene anakonzayo wamva kuchokera pakamwa pa anthuwo, chifukwa palibe chikwangwani chimene chidzalengeze zimenezo.

Chotsekereza chachikulu chimene timakumana nacho kuno si bajeti. Ndi ulemu. Tinaleredwa kuti mlendo akakuonetsa ntchito ya manja ake usamuchititse manyazi, ndipo wantchito amaopa kuti akanena kuti pulogalamu ikumuvuta, bwana aganiza kuti sadziwa kompyuta. Ndiye tikafika, kope lija limalowa m'dirowa, fayilo ya Excel imatsekedwa, ndipo yankho limakhala "zili bwino, bwana". N'chifukwa chake sindilola kuti woyang'anira akhale m'chipinda tikamayesa, ndipo ndimayamba ndi kunena kuti chimene chikuyesedwa ndi pulogalamu, osati munthu.

Inu amene mumakhala ndi mapulogalamu amenewa tsiku lonse, kubanki, kuchipatala, kuofesi ya boma kapena kosungira katundu, tsiku limene anthu onga ife adzafike pa desiki yanu musatibisire kope lanu. Tionetseni pamene mumazembera, pamene mumalemba chinthu chimodzi kawiri, pamene mumaitana mnzanu kuti akuthandizeni. Ngati sitinabwere, lembani zimenezo ndi tsiku lake, mupereke kwa bwana wanu, ndipo mupemphe kuti zifike kwa amene anapanga pulogalamuyo.